Mphindi 15 zimene ndinadzitsekera m'chipinda ndi fomalini

Ndagwira ntchito mu labotale ya chipatala china chaching'ono kwa zaka zingapo, ndipo pa mankhwala onse amene timasunga, fomalini ndi amene sindinkamuopa n'komwe chifukwa ndinkamugwira pafupifupi sabata iliyonse. Adokotala akadula kachidutswa ka chotupa, kaya cha m'bere kaya cha khomo la chiberekero, timakaika m'kabotolo ka fomalini kuti kasaole pa ulendo wopita ku labotale yaikulu ya mumzinda, kumene akatswiri amakaunika ngati kali ndi khansa. Anzathu a ku nyumba yachisoni amagwiritsanso ntchito mankhwala omwewa pokonza matupi. Fungo lake lolasa m'mphuno tinkangolitenga ngati fungo la ntchito, monga mmene wogulitsa usipa sadandaulira kununkha kwa nsomba. Ndalemba nkhaniyi chifukwa kuvulala kwanga kwakukulu kunachokera pa zimene ndinachita mankhwalawo atatayika kale, ndipo zinthu zimenezo munthu wina aliyense wamantha ngati ine angazichite mawa.

Fomalini amene timagula amabwera m'chigubu cha malita 20. Ndi madzi amene anasungunuliramo mpweya wotchedwa formaldehyde wokwana 37 peresenti, ndipo amathiramo mtundu wina wa spiriti wotchedwa methanol kuti asaundane pansi pa chigubu. Wamphamvu chonchi sitiikamo minofu. Timatunga gawo limodzi n'kusakaniza ndi magawo 9 a madzi, ndipo chotulukacho ndi chimene aliyense m'chipatala amachitchula kuti fomalini wa 10 peresenti, ngakhale kuti formaldehyde weniweni amakhalamo pafupifupi 4 peresenti yokha. Kabotolo ka fomalini wosungunula kakagubuduka patebulo, munthu wovala magolovesi oyenera amapukuta n'kutsegula mazenera, nkhani n'kutha. Ine ndinazolowera zimenezi, choncho tsiku limene chigubu cha wamphamvu uja chinagwa, mutu wanga unachitenga ngati kabotolo kokulirapo chabe.

Linali tsiku Lachisanu masana m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A sisita a ku fiyeta anatumiza uthenga kuti mabotolo a fomalini atha, pamene mnzanga amene timasakaniza naye mankhwala anali atapita kukadya. Ndinaganiza zongomaliza ndekha kuti ndiweruke msanga. Chipinda chathu chosungiramo katundu ndi chopanikiza, chili ndi zenera limodzi limene linamatidwa ndi penti kalekale, ndipo chigubucho chinkakhala pa shelefu yofika m'mapewa mwanga. Ndinavala magolovesi a latex opimira odwala, masiki ya pepala ndi nsapato zanga za nsalu, opanda magalasi oteteza maso kapena epuloni ya pulasitiki. Chigubu chodzadza chimalemera makilogalamu oposa 20. M'malo mochitsitsa kaye pansi, ndinamasula chitsekerero chili pamwamba pomwepo n'kuchipendeka kuti ndithire m'jagi, ndipo chinaterereka m'manja mwanga, n'kugunda m'mphepete mwa tebulo, n'kugwera pansi chagada kukamwa kuli pululu. Pamene ndinkachidzutsa, malita osachepera asanu anali atayenderera pa simenti, buluku langa lanyowa kuyambira m'bondo, nsapato zadzadza, ndipo madontho ena anali atandithovukira m'diso lakumanzere.

Chinthu choyamba chimene chinandibwerera m'mutu chinali mtengo wa chigubucho ndi nkhope ya mkulu wa labotale akadzamva. Za thanzi langa sindinaganizeko. Ndinakankha chitseko ndi phazi kuti odwala amene anali pamzere wa magazi m'khonde asaone, ndipo potero ndinadzitsekera ndekha m'kachipinda kotentha limodzi ndi nthunzi yonse ya mankhwalawo. Diso ndinangolipukuta ndi mkono wa jekete yanga yoyera. Ndinang'amba makatoni n'kuwayala pansi, ndinatenga nsanza ziwiri, ndinagwada n'kuyamba kukolopa ndi kufinyira m'ndowa. Misozi inkangotsika yokha, mamina ali chuchuchu, kukhosi kukuwotcha ngati ndameza tsabola wa kambuzi, koma ndinkadziuza kuti ndipirire pang'ono pokha ndimalize asanabwere munthu. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo ine tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuutsimikiza mwambiwo ndi thupi langa.

Patapita kanthawi ndinaona ngati fungo likuchepa, ndipo ndinalimba mtima poganiza kuti ntchito ikutheka. Apa ndi pamene ndinanyengeka kwambiri. Mphuno ya munthu imatopa ikakhala m'fungo limodzi, moti imasiya kumuchenjeza pamene mpweya woipawo ukadali wambiri kapena ukuwonjezeka kumene. Formaldehyde amanunkha ngakhale atakhala wochepa kuposa gawo limodzi pa magawo 1,000,000 a mpweya, ndipo ku United States bungwe loona za chitetezo pa ntchito la OSHA sililola kuti wantchito akhale mu mpweya woposa magawo awiri pa 1,000,000 kwa mphindi 15. Ine ndinali nditagwada pamwamba penipeni pa chithaphwi, m'chipinda chopanda polowera mphepo, m'mwezi wotentha umene madzi amasanduka nthunzi mofulumira. Poyala makatoni ndi kukolopa ndinkangokulitsa malo onyowa, ndiye kuti ndinkawonjezera ndekha mpweya umene ndinkapuma. Masiki ya pepala inapangidwira kutchinga malovu, ndipo mpweya wa mankhwala umangodutsamo ngati palibe chilichonse. Magolovesi a latex nawonso sachedwa kulowetsa fomalini wamphamvu, oyenera ndi a nitrile okhuthala kapena a butyl. Zimene ndinayenera kuchita zinali zosavuta ndiponso zosalira ndalama: kutuluka nthawi yomweyo, kutseka chitseko ine ndili kunja, kukuwa kuti anthu amve, ndi kuthamangira pampopi.

Amene anandipeza anali mayi wina wachikulire woyeretsa m'chipatala, amene anamva kutsokomola kwanga ali m'khonde. Atatsegula chitseko anabwerera chambuyo atagwira pamphuno, n'kunena kuti, “Mwanangu, mukudzipheranji muno? Dikirani ndikatenge madzi a JIK tikolope bwinobwino.” Anapitadi kukatenga, chifukwa m'chipatala tinaphunzitsidwa tonse kuti chilichonse chotayika pansi, magazi kapena masanzi, chimafuna kolorini. Mwamwayi fungo linali litafika kale ku ofesi ya mkulu wa labotale, ndipo anakumana nawo pakhomo ndowa ili m'manja. Sindinawamvepo bambo amenewa akukweza mawu chiyambire ntchito, koma tsiku limenelo anakuwa kuti, “Amayi, ikani pansi ndowayo! Achimwene, tulukani msanga, siyani zonse!” Pambuyo pake anatifotokozera kuti fomalini sasakanizidwa ndi JIK kapena kolorini wamtundu uliwonse, chifukwa zikakumana zimatha kutulutsa mpweya wina woopsa. Anatikumbutsanso kuti pa shelefu yomweyo panali botolo la hydrochloric acid amene timapangira mankhwala otsukira magalasi a makhololo poyeza TB, ndipo asidi ameneyu akakumana ndi formaldehyde pamatha kupangika bis(chloromethyl) ether, amene ndi mmodzi mwa mankhwala odziwika kwambiri poyambitsa khansa ya m'mapapo. Botolo limenelo likanagwa limodzi ndi chigubu, nkhani ikanakhala ina.

Anandikokera pa sinki ya mu labotale, koma madzi a pampopi ankangodontha chifukwa thanki inali itatsala pang'ono kuuma. Chipatala chathu chinalibe malo apadera otsukira maso. Namwino wina anathamanga kukatenga matumba a madzi a dripi, anandigoneka pa benchi mutu utapendekera kumanzere kuti madzi azichokera cha kumphuno kupita kukhutu osalowa m'diso linalo, ndipo anakanula zikope zanga ndi zala chifukwa diso linkadzitsekera lokha ndi ululu. Titangotha mphindi zitatu ndinati basi zakwana, ndikupeza bwino. Mkulu wa labotale anayang'ana wotchi n'kundiuza kuti, “Achimwene, gonani pomwepo, zikufunika mphindi zosachepera 15, ndipo poti mwachedwa kale tichita 20.” Mphindi 20 munthu akukuthira madzi m'diso ndi nthawi yaitali kuposa mmene mungaganizire, ndipo popanda wina woyang'ana wotchi palibe amene angazikwanitse yekha. Chifukwa chake n'chakuti fomalini amaumitsa minofu, ndiyo ntchito imene timamugulira, ndipo chimene amachita pa kachidutswa ka chotupa m'botolo ndi chomwechonso chimene amachita pa diso kapena pa khungu la munthu wamoyo. Mphindi 15 zimene ndinataya ndikukolopa zinali mphindi zimene mankhwalawo anali pa ntchito yawo m'diso mwanga.

Cholakwa chachiwiri ndinachichitanso chifukwa cha manyazi. Anandiuza kuti ndivule zonse zonyowa ndikasambe, koma panali amayi ambiri pafupi ndipo ndinalibe chovala china, choncho ndinavula jekete yokha n'kupinda buluku, nsapato ndi masokosi ndili nazobe. Panatha pafupifupi ola limodzi ndisanavule, pamene mlonda anandibwereka ovolo yake. Khungu la pamwamba pa mapazi linali litayera n'kuuma ngati chikopa, silinkamva kukhudza, ndipo patapita masiku linang'ambika n'kuyamba kusupuka. Chovala chonyowa ndi mankhwala chimakhala ngati bandeji yowagwirizira pathupi. Chitenje cha munthu wina kapena nsalu ya pabedi la odwala zikanakwanira kundiphimba, ndikanangopempha.

Pamene ine ankanditsuka, ena anali pa ntchito yoteteza anthu. Odwala onse a m'khonde anawasamutsira pansi pa mtengo wa mango kunja, kuyambira amayi oyembekezera ndi ana. Nyali ya spiriti imene timawotchera magalasi a TB anaizimitsa, chifukwa fomalini wamphamvu wokhala ndi methanol amatha kuyaka. Wina anabwera ndi fani kuti aiike pakhomo la kachipindako, koma anamuletsa chifukwa ikanangokankhira mpweyawo m'khonde ndi m'mawodi. M'malo mwake kalipentala wa pachipatala anakachotsa galasi la zenera lija ali panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwake, ndipo m'munsi mwa chitseko anatsekamo ndi matawulo onyowa. Mchenga anakautunga ndi wilibala pamalo pamene ankamanga chimbudzi chatsopano, n'kuunjika kamzere pakhomo kuti madziwo asayenderere m'khonde kapena kulowa m'ngalande. Fomalini akalowa m'ngalande amakathera m'thanki ya zonyansa, kumene amapha tizilombo timene timawoletsa zonyansazo, kapena amakalowa m'nthaka pafupi ndi mijigo ya anthu.

Kenako panabuka funso la amene alowe kukachotsa zotsalazo, ndipo apa ndi pamene umphawi wa kukonzekera kwathu unaonekera poyera. Pepala lofotokoza za kuopsa kwa mankhwala, limene ogulitsa amayenera kupereka limodzi ndi katundu ndipo limatchedwa Safety Data Sheet, silinapezeke m'faelo iliyonse. Mkulu wa labotale analifufuza pa foni yake. Pepala limeneli limakhala ndi zigawo 16, chigawo 4 chimanena za chithandizo choyamba ndipo chigawo 6 chimanena zoyenera kuchita mankhwala akatayika, moti ndikanakhala kuti ndinawerengapo zigawo ziwiri zokhazi ngakhale kamodzi, sindikanagwada pa chithaphwi chija. Panalembedwa momveka kuti wolowa ayenera kuvala chopumira chokhala ndi zosefera, ndipo ife tinalibe ngakhale chimodzi. Loweruka m'mawa wina anabwereka zopumira ziwiri kwa anthu opopera mbewu pa esiteti ina, koma zosefera zake zinali za mankhwala a m'munda, ndipo zotero sizigwira bwino formaldehyde, amene amafuna zosefera zakezake zolembedwa dzina lake. Kumizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba kuli ozimitsa moto a khonsolo amene munthu angawaitane pa ngozi yotere, koma ife tili kutali. Anagwirizana zoti chipindacho chikhale chotseka, zenera lili pululu, mpaka zipangizo zoyenera zitafika kuchokera mumzinda Lolemba madzulo.

Lachiwiri m'mawa anthu awiri analowa atavala zopumirazo, magalasi omata kumaso, majombo, maepuloni ndi magolovesi a nitrile, wachitatu ataima pakhomo kuwayang'anira. Anathira mchenga kuyambira m'mphepete kulowera pakati, anawola ndi fosholo ya pulasitiki, n'kuika zonse m'matumba okhuthala awiriawiri, limodzi ndi makatoni anga aja, nsanza, buluku ndi nsapato zanga. Matumbawo anawaika mu dramu ya chivindikiro chothina n'kulembapo dzina la mankhwala ndi tsiku. Mchenga umangomwa madziwo koma suthetsa ukali wake, choncho mchenga wonyowa ndi fomalini umapitiriza kutulutsa mpweya ngati uli posavindikira. Pali ufa wapadera umene umagulitsidwira ntchito imeneyi, umene umamwa fomalini n'kumuthetsa mphamvu, ndipo tsopano tili nawo. Pansi anatsukapo kangapo ndi sopo ndi madzi. Wina anati dramuyo angokaikhuthulira kudzenje la zinyalala n'kuyatsa, koma woyang'anira zaumoyo wa malo pachipatala anakana, ponena kuti zimenezo ndi zinyalala zoopsa zimene lamulo la Environment Management Act la 2017 sililola kutaya mwachisawawa. Dramuyo inakhala miyezi iwiri m'kashedi kokhoma kudikira galimoto yoitengera kumalo oyenera.

Zonsezi ndinazimva ndili pabedi, chifukwa Lachisanu lomwelo ndinachita cholakwa chachitatu. Adokotala atandiyeza anati ndigone m'chipatala usiku umodzi kuti aone mmene chifuwa chikhalire, koma ine ndinakana poti ndinkapuma bwino ndipo ndinkafuna kuthawa maso a anthu. Nditafika kunyumba mkazi wanga anandiwiritsira mkaka, monga mmene ambiri timakhulupirira kuti mkaka umapha poizoni. Ndinamwa makapu awiri kuti mtima wake ukhale pansi, koma mkaka umapita m'mimba pamene vuto langa linali m'njira ya mpweya. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzidzimuka chifuwa chitathina ngati wina wandimanga ndi lamba, mpweya ukulira ngati wenzulo potuluka. Ndinamva mkazi wanga akugogoda kwa aneba akulira kuti, “Achimwene, dzukani, bambo a kunyumba akubanika!” Anandikweza pa njinga yamoto, iye atandigwira kumbuyo. Kuchipatala anandiika pa makina opumira mankhwala a salbutamol ndi okosijeni, ndipo ndinagona masiku awiri m'wodi imene ndinkaikana ija. Mpweya wowotcha ngati umenewu umatha kutupitsa njira za m'mapapo patapita maola angapo munthu akudziona ngati wachira, ndipo n'chifukwa chake adokotala ankafuna kuti ndikhale pafupi.

Diso linatenga nthawi yaitali kuposa chifuwa. Atandithira mankhwala achikasu ounikira, anapeza kuti galasi la kutsogolo kwa diso linali litasupuka mbali ina. Anandipatsa mafuta opaka m'maso oletsa tizilombo n'kunditumiza kwa katswiri wa maso mumzinda, kumene ndinapita maulendo atatu pa minibasi, ulendo uliwonse kutha tsiku lathunthu. Kwa milungu iwiri kuwala kwa dzuwa kunkandilasa moti ndinkayenda nditavala magalasi akuda ngati woimba. Diso linapola, koma mpaka lero limauma msanga ndikayang'ana nthawi yaitali pa maikulosikopu. Ndikawerengera thiransipoti, chakudya cha panjira, mankhwala ena amene ndinagula ku famase chifukwa kuchipatala kunalibe, nsapato ndi zovala, ndinawononga ndalama zopitirira theka la malipiro anga a mwezi, ndipo ndinakhala pakhomo masiku 19. Chipatala nachonso chinaluza. Labotale inagwira ntchito mwapatalipatali masiku anayi, ndipo odwala awiri amene anayenera kudulidwa tizidutswa ta zotupa anabwezedwa kuti adzabwere sabata yotsatira chifukwa kunalibe fomalini wosungunula. Mmodzi anachokera kutali kwambiri, ndipo zimenezi zimandipwetekabe mtima kuposa ndalama zanga.

Pa nkhani ya malipoti ndinachedwanso. Palibe amene analemba za ngoziyi tsiku lomwelo, ndipo ine sindinakakamize chifukwa ndinkaopa kuti lipoti likalembedwa andidula malipiro pa chigubu chija. Mnzanga wina wa m'bungwe la apantchito ndi amene anandiuza kuti lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapatsa munthu wovulala pa ntchito ufulu wolandira chipukuta misozi, kuti nkhani yake imadzera ku ofesi ya zantchito ya m'boma, ndiponso kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limalamula olemba anthu ntchito kupereka zovala zodzitetezera pa ntchito zoopsa. Pamene tinkayamba kulemba, mwezi unali utadutsa, anthu ankakumbukira nthawi mosiyanasiyana, ndipo malisiti ena ndinali nditataya. Ndinayenda maulendo angapo kufunafuna siginecha ndi lipoti la adokotala, ndipo ndalama zochepa zimene zinatuluka zinafika patatha miyezi isanu ndi iwiri. Amene zingamugwere zotere alembe tsiku lomwelo nthawi, dzina la mankhwala, kuchuluka kwake, mphindi zimene anakhalamo ndi maina a amene anaona, ajambule chizindikiro cha pa chigubu ndi foni, ndipo asunge lisiti lililonse ngakhale la minibasi ngati alipeza. Sanandidule malipiro, koma ngakhale akanandidula, sizikanafanana ndi zimene ndinataya pobisa.

Chimene chinandisowetsa tulo kwa nthawi yaitali chinali mawu ochepa a pa chigubu chija. Nditabwerera ku ntchito ndinawerenga chizindikiro chake koyamba m'moyo wanga, ndipo pambali pa chithunzi cha chibade ndi mafupa panali chithunzi cha munthu wokhala ndi nyenyezi pachifuwa, ndi nambala H350, imene tanthauzo lake ndi lakuti mankhwalawa angayambitse khansa. Nditafufuza ndinapeza kuti bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa imene ili ku Lyon m'dziko la France, linaika formaldehyde m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu m'chaka cha 2004 chifukwa cha khansa ya kuseri kwa mphuno, ndipo mu 2009 linawonjezerapo khansa ya m'magazi. Ine amene tsiku ndi tsiku ndimalongedza zotupa za anthu ena ndinayamba kudzigwiragwira m'khosi usiku kufunafuna zotupa zanga. Chimfine chilichonse chinkandiopsa, ndipo mkazi wanga sindinamuuze kanthu kwa milungu ingapo.

Pomaliza ndinapita kwa adokotala amene anandigoneka aja n'kuwafunsa mosabisa kuti, “Adokotala, kodi ndiye kuti ine khansa yandipeza kale?” Anandikhazika pansi n'kundifunsa mafunso amene sindinkawayembekezera: zaka zimene ndakhala ndikusakaniza fomalini, chipinda chimene ndimasakanizira, ndiponso ngati mabotolo a zotupa amakhala otseka. Ndinayankha zoona, kuti ndimasakanizira m'kachipinda kopanda zenera lotseguka komweko, ndipo ndowa ya minofu yakale imakhala pansi pa tebulo langa chivindikiro chili chongoyedzeka. Anandiuza kuti umboni wa khansa unachokera makamaka kwa anthu amene anapuma mankhwalawa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, monga a m'mafakitale ndi okonza mitembo, ndipo kuti ngozi ya tsiku limodzi kuopsa kwake kwakukulu ndi kumene ndinakuona kale, kwa maso, khungu ndi mapapo. Anati ngati ndikufuna chodera nkhawa, ndidere nkhawa ndowa ya pansi pa tebulo ija kuposa chigubu chimene chinagwa. Mawu amenewa ananditonthoza mbali ina n'kundichititsa manyazi mbali ina, chifukwa ndowayo inali itakhala pamenepo zaka zonse ndikuiona, ndipo kangapo ndinadyerapo mandasi patebulo lomwelo.

Thupi langa silinabwerere mmene linalili. Formaldehyde amatha kuchititsa kuti thupi la munthu liyambe kudana naye, moti pambuyo pake ngakhale wochepa kwambiri amadzutsa zidzolo kapena mphumu. Ine ndinalibe mphumu chibadwire, koma tsopano ndimayenda ndi kopopera m'kamwa m'thumba, ndipo wina akatsegula botolo la fomalini mbali ina ya labotale chifuwa changa chimadziwa ine ndisanamve fungo. Ntchito yosakaniza anandichotsapo n'kundiika ku magazi ndi malungo.

Zina zinasintha pachipatala, ngakhale kuti zinatenga makalata ambiri. Zigubu zonse zolemera zinatsitsidwa pansi ndipo zimakhala m'beseni lalikulu la pulasitiki loti likhoza kulandira madzi onse chigubu chitabooka. Asidi anasamutsidwira m'kabati ina. Kusakaniza kumachitika anthu ali awiri, pakhonde la kuseri kumene kumapita mphepo, pogwiritsa ntchito kapampu kamanja m'malo mopendeka chigubu. Pafupi ndi khomo, kunja kwa chipinda osati mkati, pali bokosi lokhala ndi zopumira ziwiri, magalasi, magolovesi, ufa uja, fosholo, matumba, ovolo yosinthira ndi pepala la chigawo 4 ndi 6 limene tinalimasulira m'Chichewa kuti oyeretsa ndi alonda aziwerenga okha. Ophunzira akabwera kudzaphunzira ntchito, mkulu wa labotale amawatumiza kwa ine tsiku loyamba, ndipo ndimawavulira nsapato kuti aone zipsera za pamapazi anga ndisanawaonetse bokosilo. Malo otsukira maso enieni sitinawapezebe. Tinaika chigubu cha madzi oyera chokhala ndi kampopi pamwamba pa sinki, madzi ake timasintha Lolemba lililonse, ndipo zosefera za zopumira zija zikutha mphamvu mwezi wa mawa, moti kalata yopempha zina ndinaipereka ku ofesi sabata yatha ndipo ndikudikira yankho.